Pasipoti ya Zuleka Yasowa

"Amake Yankho! Amake Yankho, thamangani kuno! Pasipoti ya Zuleka yasowa!"

Ankafuula choncho ndi Fadila, mwini golosale yaikulu ya pamsika wa Chamama, atatuluka wopanda ndi nsapato zomwe. Angelina anasiya amayi awiri amene ankalimbirana malo ogulitsirapo tomato, natembenuka. Milandu ya pamsikapo inkayambira kwa iye, poti ndiye anali wapampando wa komiti yachitetezo, ndipo yambiri inkathera m'manja mwake isanafike kupolisi. Anthu ankati Angelina safuna chibonga, pakamwa pake pokha n'pokwanira.

"Yasowa bwanji, amake Zuleka?" anafunsa, nkhope ataigwetsa ngati wofika pamaliro.

Nkhope inagwadi, koma tisanamizane, mtima unavina. Kabuku kameneka kanali katamusowetsa tulo miyezi yambiri.

Zuleka ndi Yankho, mwana wa Angelina, anakhalira desiki imodzi kuyambira kupulayimale, ndipo pa mayeso a Fomu 4 Yankho ndiye anaposa. Kenaka kunabwera bungwe lina la ku Lilongwe, likufuna mtsikana mmodzi woti limulipirire mayeso olowera m'makoleji a ku Amereka. A bungwewo ananenetsa kuti pakhomo la mayeso amenewo munthu salowa wopanda pasipoti. Zuleka anali nayo kale, poti ankaperekeza mayi ake ku Tanzania kukaoda katundu. Nanga Yankho, mwana wa mlimi wa fodya, akanaitenga kuti? Anangomuuza kuti chaka chamawa, mwina. Chikhalirecho mwanayo sanasiye kupita kuseri kwa golosale kukawerenga ndi mnzakeyo, kumufunsa mawu ovuta a Chingerezi ndi kumuyang'anira wotchi pa mapepala oyeserera, ngati woperekeza mkwatibwi. Angelina akamaona zimenezo, nsanje inkamukwera mpaka pakhosi.

Mayeso anali Loweruka. Tsikuli linali Lachinayi, ndipo Zuleka ankayenera kukwera basi m'mamawa mwake.

M'kachipinda ka kuseri, pakati pa matumba a shuga ndi makatoni a sopo, Zuleka anali atakhala pabenchi maso ali psu. Chikwama chake chinali lende pamsomali. Angelina anachitsitsa nakhuthulira zonse patebulo: laputopu imene a bungwe anabwereketsa, mabuku onenepa ngati njerwa, ndi kathumba ka pulasitiki kopanda kanthu.

"Unaiona liti komaliza?"

"Lachiwiri masana," anayankha Zuleka akufwenthera. "Aphunzitsi a Levison anati aone ngati dzina likufanana ndi limene tinalembetsa. Atatha ndinaibwezera m'kathumbamo."

"Chitsekereni chipinda chino Lachiwiri madzulo, kiyi sanachoke pampango wangawu," anatero Fadila akuonetsa mfundo. "Dzulo aphunzitsi anati mwana apumitse mutu, ndiye sitinatsegule. Wallahi, ndatsegula lero."

Angelina anagwedeza zitsulo za pazenera. Zinali nga. Loko naye anali wosathyoka.

"Wakuba wamtundu wanji wosiya laputopu n'kutola kabuku? Ameneyu si wanjala ayi, ndi wanjiru. Lachiwirilo munalowa ndani muno?"

"Aphunzitsi. Achimwene anga a Uthman analowa kudzatenga matumba." Zuleka anayang'ana mayi ake, kenaka pansi. "Ndi Yankho."

"Sitikunena kanthu, amake Yankho," anafulumira Fadila. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma mwafunsa nokha."

Magazi anamuthamangira kumutu Angelina. Malo anamulanda mwana wake, tsopano akufuna amulandenso ndi dzina lomwe?

"Wakuba wanu ndikupezerani dzuwa lisanalowe," anatero akubwezera chikwama pamsomali. "Ndipo mudabwa kuti amadyera mbale iti."

* * *

Aphunzitsi a Levison Angelina anawapeza pakhonde pawo akusita malaya oyera ndi simbi ya makala, kukonzekera kuperekeza Zuleka ku Lilongwe. Anapuma ntchito kalekale, koma ankayankhulabe ndi aliyense ngati kalasi yachedwa kulowa.

"Funso lanu, mayi, lili ndi mbali ziwiri," anatero ataimika simbi. "Mbali yoyamba: kodi ndinaigwira? Inde. Mbali yachiwiri: kodi ndinaibweza? Indenso, pamaso pa mboni. Tisasokoneze zinthu ziwirizi."

"Mboni zake ndani?"

"Atsikana onse awiri, ndi mnyamata uja Uthman. Analowa pasipoti ili m'manja mwanga, n'kunena mawu osakhala bwino. Akuti, ena akuuluka, ena tikunyamula shuga. Ndinamudzudzula pomwepo."

Angelina anawasunga mawu amenewo ngati nyama ya pa Khirisimasi.

"Kenaka?"

"Kenaka kumzikiti kunaitana, Zuleka anapita kukaswali, ine ndinauyatsa wa kuno. Ndinasiya Yankho akumaliza pepala la masamu. Ndipo ndikuuzeni, mayi, pepala limenelo anamusiya kutali Zuleka. Mutu wa mwana wanu uja! Zikanakhala kuti dziko limayendera mutu wokha..." Anapukusa mutu, nagwiranso simbi.

Mawu oterewa ndi amene ankamupweteka Angelina kuposa chipongwe. Aliyense ankayamika mutu wa Yankho, koma basi ankakwera ndi wina.

"Nanga Zuleka akapanda kulemba Loweruka?"

"Mwayi wake wathera pomwepo. A bungwe salipira kawiri. Chaka chamawa adzandifunsa dzina lina, ndipo woyamba pamzere mukumudziwa nokha."

Angelina anatsanzika msangamsanga. Mawu otsirizawo anawamva bwinobwino, koma anawakankhira kuseri kwa khutu. Iye anali atamupeza kale munthu wake.

* * *

Uthman anali pakhonde la golosale akuyeza mpunga pasikelo, makasitomala ali mbwee. Anali mnyamata wamtali, wa ndevu zongoyamba kumene, wosadziwa kumwetulira.

"Ena akuuluka, ena tikunyamula shuga. Wanena zimenezi ndani?" Angelina anafunsa mokweza dala.

"Ndine, amayi. Nanga ndi bodza?" Uthman sanasiye kuyeza. "Bambo atamwalira anandichotsa Fomu 2, akuti mwamuna agwire shopu. Ndimadzuka kusanache, msana uwu watha ndi matumba, koma mafuta a jenereta akuthera kuunikira mabuku a Zuleka. Nsanje ndili nayo, sindikana. Nanga inu mulibe?"

Wina mwa makasitomala anaseka, ena n'kulandirira. Angelina anamva kutentha m'makutu.

"Pamene mlongo wako amaswali unali kuti?"

"Palole, ulendo wa ku Boma kukaoda. Tinanyamuka kumzikiti kusanaitane, ndipo ndinagona konko. Funsani akabaza apo, amaona zonse."

"Bodza! Wakuba ali m'nyumba momwemo, anthu inu! Mnyamata wophera mlongo wake tsogolo chifukwa cha kaduka! Bweretsa kabuku kaja dzuwa lisanalowe, apo ayi ukagona kupolisi!"

Msika wonse unamva. Uthman anatula mbale ya mpunga. Fadila, amene anali ataima pakhomo, anagwira pakamwa nayang'ana mwana wake wamwamuna ndi diso limene anali asanamuyang'anepo nalo. Angelina anaona diso limenelo, ndipo linamukomera.

Anawoloka msewu kupita kwa akabaza kuti akangotsiriza nkhani.

* * *

A Alick anali mkulu wa akabaza onse pamenepo, munthu wa imvi wochokera cha ku Nkhamenya, woyankhula Chichewa chonunkhira kwawo.

"Uthman? Yayi, amama, mwamunamizira mwana yula," anatero akupukuta tcheni cha njinga. "Lole tinakankha ndife, batire inali yakufa. Wakwera ine nkhuona. Kumzikiti kwaitana fumbi la lole latha kale."

"Mwaonetsetsa, a Alick? Masikuwa amafanana."

"Enya, Lachiwiri nadi. Nkhukumbuka chifukwa ndi tsiku lomwe ndinanyamula mwana winu."

"Mwana wanga? Yankho amayenda pansi."

"Ndicho chinandidabwitsa nane. Watuluka kuseri kwa golosale uko changu changu, dzanja wagwira pachifuwa apa ngati mtima ukumuwawa. Akuti, a Alick, tchovani chomene. Ndati panyumba? Akuti yayi, munditsitse pachigafa."

Angelina anagwira chishalo cha njinga. Pachigafa? Yankho ankadana ndi fodya kuyambira ali wamng'ono. Fungo lake lokha linkamuyetsemulitsa, ndipo kuti alowe m'chigafa ankachita kumukalipira.

"Nditengeni, a Alick," anatero ndi mawu otsika. "Konko."

* * *

Njira inadutsa m'minda yokololedwa kale, mapesi a fodya ataima mbuu mpaka kumene diso limalekeza. A Alick ankatchova akuimba nyimbo ya kwawo. Angelina kumbuyo ankalumikiza zinthu zimene sankafuna kuti zilumikizane.

Fodya wawo anali atatha kusankha, atamumanga m'timitolo n'kumuunjika milumilu monga mwa magiredi ake, atamufunditsa bwinobwino. Mulu wotero sukhudzidwa mpaka tsiku lodinda mabelo, ndipo mwana aliyense wa mlimi amadziwa zimenezo. Jeke yodindira inali imodzi kalabu yonse ya alimi, inkayenda khomo ndi khomo, ndipo kwawo inkayenera kufika sabata yamawa. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Kumudzi kwa a Benjamin, amene anali patsogolo pawo, kunagwa maliro, ndipo pamudzi pali maliro munthu sadinda fodya. Choncho jeke inalumpha n'kufika kwawo Lachitatu m'mamawa, Yankho atapita kuchigayo. Amuna ake a Angelina, a Lazaro, anaitana anzawo, nayamba kukumbatira timitolo kuponya m'bokosi, kupondereza, kusoka.

Tsopano Angelina anakumbukira mmene Yankho anachitira pobwera kuchigayo. Anatula ufa pabwalo osaulowetsa n'komwe, nathamangira kuchigafa akufuula kuti, "Mwadinda kale?" Madzulo onse anakhala akupalasa zinyenyeswa za pansi. Angelina anachita kumuyamikira kwa bambo ake kuti mwana wayamba kukula.

Anamupeza momwemo, m'chigafa chopanda kanthu, atakhala pansi pa mikangala yopachikapo fodya. Mabelo anali atapita pangolo m'mawa womwewo kushedi ya kalabu.

Angelina sanazungulire.

"Ili m'belo liti?"

Yankho anadzutsa mutu. Maso anali otupa, ndipo sanayese n'komwe kukana.

"M'fodya wofiira uja. Wa giredi yabwino." Mawu ankatuluka modukaduka. "Ndinailowetsa pakati penipeni pa mulu. Ndimati ndikaibweza Lamulungu, ndikaiponya pansi pa benchi aziti inagwa. Jeke inali ya sabata yamawa, amayi! Inali ya sabata yamawa!"

"Mwana wa kwaya iwe! Mnzako wa desiki imodzi! Ine ndatukwana mwana wa eni msika wonse ukumva, chonsecho mfiti ndagona nayo m'nyumba! Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

Yankho anasiya kulira. Anamuyang'ana mayi ake m'maso, chinthu chimene sankachita.

"Inu."

"Ukuti chiyani?"

"Tsiku lililonse posankha fodya muno. Kabuku kamene kaja katangopsa, tione ngati angapite. Kabuku kamene kaja atangokadya makoswe. Ine ndinali nditavomera, amayi. Ndinkamuthandiza Zuleka ndi mtima wonse. Koma ndikalowa m'nyumba munkandiyang'ana ngati fodya wobwezedwa kuokushoni. Ndinatopa nazo."

Angelina anazindikira pakamwa pake, pakamwa pomwe paja poopedwa ndi msika wonse. Mawuwo anali ake ndithu, ndi kanenedwe komwe. Ankawanena ngati mmene munthu amalavulira, osayang'ana pamene malovu agwera. Manyazi anamugwira, ndipo analibe woti amukalipire.

"Dzuka," anatero potsiriza. "Lole inyamuka madzulo ano."

* * *

Shedi ya kalabu inali kuseri kwa msika. Pamene ankafika dzuwa linali litapendeka, ndipo lole yopita kuokushoni ya ku Chinkhoma inali itadzaza kupitirira theka. A Lazaro anali ataima pambali pa mabelo awo, nambala yawo yolembedwa ndi penti pachiguduli chilichonse, akusisita limodzi ngati ng'ombe. Anali munthu wofatsa, ndipo chaka chimenecho fodya anawakomera kuposa zaka zonse.

Angelina anawakokera pambali nawanong'oneza. A Lazaro anavula chipewa, nachivalanso. Anayang'ana Yankho, amene anali ataima patali atazolika, kenaka anayang'ana lole.

"Mabelo ofiirawo sangapite," anatero chapansipansi. "Akakaipeza kuokushoni, nambala ndi yathu. Koma tisachite phokoso, amake mwana. Tinene kuti fodya wachita chinyezi, tiwabweze pangolo. Tikatsegulira kunyumba, m'mawa mukaiponya pakhonde pawo basi isananyamuke. Adziwa ndani? Mwana ndi wathu yemweyu."

Anali malangizo anzeru, ndipo Angelina anatsala pang'ono kuvomera. Koma pomwepo anamva mtima wake ukuyamba kuwerengera zina. Ngolo imachedwa, ng'ombe zatopa. Akafika mdima utagwa, ndipo ndani amamasula belo mumdima? Adzatsegula m'mawa. M'mawa basi imanyamuka molawirira, ndipo ikawasiya si mlandu wa munthu. Chaka chamawa aphunzitsi adzafunsidwa dzina lina. Ganizolo linali lokoma ngati uchi, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kunamuopsa.

"Ayi, bambo a Yankho. Mtima wangawu ndikuudziwa. Mabelo awa akafika kunyumba satsegulidwa mpaka Lamulungu." Anatembenuka asanasinthe maganizo. "A Alick! Kaitaneni amake Zuleka. Abwere ndi ana awo onse awiri."

"Mukutiyalutsa, mayi," anadandaula a Lazaro.

"Tayaluka kale. Ndibwerekeni mpeni."

Pamene Fadila ankafika ndi Zuleka ndi Uthman, anthu anali atazungulira kale. Belo lodindidwa bwino silitsegulidwa pashedi, ndiye aliyense ankafuna kuona misala imeneyi. Angelina anadula ulusi, chiguduli chinafutukuka, ndipo anayamba kukanganula timitolo tothinana. Masamba ouma ankathetheka m'manja mwake. Fodya wabwino koposa wa chaka chonse ankasanduka zinyenyeswa pafumbi, a Lazaro atatembenukira kumbali kuti asaone.

M'belo loyamba munalibe kanthu.

"Amayi awa azungulira mutu!" anafuula dalaivala. "Ine ndikunyamuka, kukada sindiyenda!"

Angelina anadula lachiwiri. Thukuta linkalowa m'maso, fumbi la fodya likumutsamwitsa. Atafika chapakati, zala zake zinakhudza chinthu chosalala. Anachisolola pang'onopang'ono. Jeke inali itaipinda pakona, mitsempha ya masamba itadindika pachikuto, koma chithunzi cha Zuleka chinali bwinobwino.

Zuleka analandira ndi manja awiri, naipukuta ndi nsonga ya mpango wake.

"Alhamdulillah," anatero Fadila. Kenaka anayang'ana nambala ya pachiguduli, ndipo mawu ake anauma. "Inalowamo bwanji m'fodya wanu, amake Yankho? Anaikamo ndani?"

Yankho anasuntha phazi kuti abwere kutsogolo, koma Angelina anamutchinga ndi mkono.

"Uthman alibe mlandu, anthu nonse mumve. Ndamunamizira, ndipo ndikupepesa pamaso panu." Anatembenukira kwa Fadila. "Dzanja limene linatenga ndi la mwana wanga. Koma pakamwa pamene panalituma ndi panga."

Uthman anatembenuka n'kumapita. Zuleka anayang'ana Yankho nthawi yaitali, ngati akufuna kufunsa kanthu, koma mayi ake anamugwira dzanja namukoka. Cha kumbuyo kwa gulu, aphunzitsi a Levison, amene anabwera atamva phokoso, anavula magalasi, nawapukuta, nachoka osapereka mbali yoyamba kapena yachiwiri.

Lole inalira n'kunyamuka, kusiya mabelo awiri ali yasa pafumbi. Anthu anabalalika awiriawiri akunong'onezana. Angelina anagwada nayamba kutola masamba amene akanatha kupulumuka, ndipo patapita kanthawi Yankho anagwada pambali pake.

"Amayi," ananong'ona mwanayo, "chaka chamawa aphunzitsi adzaperekabe dzina langa?"

Angelina yankho lake ankalidziwa, ndipo linamuwawa kuposa nsanje yonse ya miyezi ija. Anamusunthira chiguduli pafupi.

"Tola fodya, mwanawe. Kukuda."